Usanatseke Chikwama, Luyando

Malota, Livingstone

Luyando mwana wanga,

Chikwama chako chili pabedi panga chotsegula, ndipo ndakhala ndikuchiyang'ana masana onse ano. Sindinachotsemo kanthu, usade nkhawa. Ndangochinyamula kamodzi kuti ndimve kulemera kwake, n'kuchibwezera pomwe unachisiya. Ndaganiza zokulembera chifukwa tikamalankhula pakamwa sitifika patali. Ine ndikangoyamba, iwe umati, "Mami, naziba," n'kutuluka panja. Choncho uwerenge kalatayi lero lomwe, usanakoke zipi.

Mawa ukupita ku Nepal, dziko limene ine ndalidziwa chaka chino pafoni yako. Ukuti kumeneko mitsinje imatsika kuchokera m'mapiri a chipale, ndipo akufuna munthu wopalasa kayaki, kabwato ka munthu mmodzi, patsogolo pa mabwato a alendo, wovuula amene agwera m'madzi, monga wakhala ukuchitira mu Zambezi kumunsi kwa mathithi. Ukuti ntchito ikatha udzakwera mapiri wapansi mpaka kumene mitengo imalekezera. Ndinakana miyezi yambiri, ukudziwa. Tsopano ndavomera, ndipo poti ndavomera ndikufuna upite wokonzeka. Iwe umandidziwa ngati mayi wophikira alendo pa loji ya ku Highlands, wobwera kunyumba akununkha anyezi. Koma usanabadwe ndinali wophika pathiraki ya alendo, zija zazitali za mawindo akuluakulu zimene zimaima m'tauni muno zikamadutsa mayiko. Nkhani zake wazimva zidutswazidutswa. Lero uzimve bwinobwino.

Tsiku loyamba ndinafika pathirakiyo ndi sutikesi ya azakhali anga, yaikulu moti ndinaibweretsa pawilibala. Munali diresi ya kutchalitchi, nsapato za gogoda, simbi ya makala, bulangete lolemera, ndi galasi lodziyang'anira. Dalaivala wathu anali ba Mubita, Mlozi wamtali wosafulumira kulankhula. Anayang'ana sutikesi, anayang'ana ine, kenako anatsegula kabokosi ka pansi pa mpando. "Sisi, malo yako ni iyi," anatero. "Vamene vizakwana umu ndiye vako. Vinangu visala." Ndinakhuthula zonse pafumbi alendo akuonerera pamawindo, n'kuyamba kusankha mothamanga. Ndinatenga diresi ndi galasi, bulangete n'kulibweza kunyumba. Iwe usankhire kunyumba, mwana wanga, pamene palibe wokuimbira hutala. Yala zonse pamphasa, nyamula chimodzichimodzi, udzifunse tsiku limene udzachigwiritsa ntchito. Yankho likayamba ndi "mwina", chisiye. Ndaona majinzi atatu m'chikwamamu. Jinzi ikanyowa siuma, ndipo imalemera ngati kamwana ka mbuzi. Tenga imodzi. Ukamaliza, ubereke chikwamacho madzulo ano uyende nacho mpaka kumsika wa Maramba n'kubwerako. Msana wako udzakuuza zimene ukanandikanira ine.

Bulangete lija ndinalikumbukira ku Namibia. Ine ndinkangodziwa kuti chipululu n'kotentha, basi. Palibe anandiuza kuti dzuwa likalowa mchenga umazizira ngati m'firiji. M'mawa wina tinadzuka kusanayere kuti alendo akakwere phiri la mchenga dzuwa lisanatuluke, ndipo ndinkawakonzera tiyi manja akunjenjemera moti shuga ankathera pansi. Mayi wina wachikulire wa ku Norway, wa tsitsi loyera lometa lalifupi, anandigwira mkono n'kupinda malaya ake kuti ndione zimene anavala. Pakhungu panali kamalaya kopyapyala ka ubweya, pamwamba pake kena, kenako jekete yotchinga mphepo. Anavula kapakatiko n'kundiveka, n'kunena kuti ndisiye mapoto ndikwere nawo. Ndinakwera, Luyando. Tikuyamba mchenga unali wotuwa, kenako unayamba kufiira pang'onopang'ono ngati mkati mwa papaya, pomwe mbali ina ya phirilo inatsala yakuda bii. Kunalibe mbalame, kunalibe galimoto. Ndinkangomva magazi anga m'makutu. Mpaka lero ndikatsinzina m'minibasi ndimauona mzere uja wolekanitsa kufiira ndi kuda, ukukwera mokhotakhota mpaka kumwamba. Kumene ukupita kumazizira kuposa pamenepo. Usadalire chijuzi chimodzi chachikulu. Uzivala zopyapyala zosanjikiza, uzivula chimodzi ukamakwera, uzichivalanso ukangoima thukuta lisanazizire pamsana. Za thonje zisakhudze khungu lako m'phiri, zimamwa thukuta n'kukhala nalo. Ndakugulira pasalaula, paja amagulitsa zovala zovalidwa kale, masokosi a ubweya ndi kachipewa kophimba makutu. N'kosaoneka bwino, ndikudziwa, kobiriwira ngati chule. Udzakakonda.

Nsapato nazo zinandiphunzitsa ku Namibia komweko. M'tauni ina ya m'mphepete mwa nyanja ndinagula nsapato zatsopano zoyera, n'kuzisunga m'bokosi mwake kudikira tsiku lalikulu loyenda wapansi m'chigwa cha miyala. Tsikulo litafika, dzuwa lisanafike pamutu zidendene zanga zinali matuza okhaokha, ndipo ndinabwerera kuthiraki nsapato zili m'manja, ndikudumphadumpha pamiyala yotentha ngati khwangwala. Ba Mubita sanaseke. Anandiikira beseni la madzi a mchere n'kunena kuti, "Nsapato ifunika ikuzibe poyamba." Majombo amene atate ako anakugulira akadali ndi mapepala mkati. Unkawasunga kuti asade, ndiwe mwana wanga ndithu. Uwavale popita ku Maramba, uwavale m'ndege, uziwavala tsiku lililonse usanayandikire phiri. Pulasitala akhale m'thumba la pamwamba, ndipo uzimata pamene payamba kutentha, tuza lisanatuluke.

Za madzi ukudziwa kuposa ine, koma imva iyi. Ku Okavango tinkasiya thiraki n'kulowa m'mabwato a mtengo okankha ndi ndodo yaitali. Munthu umakhala pansi penipeni, mabango akudutsa pamwamba pa mutu wako, maluwa oyera akutseguka pamadzi, bwato likuyenda osamveka ngati ukulota. Ine ndinasinza, chikwama chili pamiyendo chosatseka. Mvuu ina inapuma chapafupi, phuu, ndipo ndinachita chinthu chimodzi chimene anatiletsa, ndinaimirira. Bwato linagudubuka. Madzi ankangofika m'chiuno ndipo mvuuyo inalibe nafe ntchito, koma zovala zanga zonse zinali kuyandama pakati pa maluwa. Chouma chinali chimodzi chokha, chitenje chimene ndinakulungira buledi m'pulasitiki, ndipo ndicho ndinafunda pachilumba chimene tinagonapo, ndikununkha buledi. Ndaona kuti anthu ozolowera madzi amasamala katundu wa alendo n'kuiwala wawo. Ukhale ndi zovala zogonera zimene sizidzaona mtsinje, uzimange m'pulasitiki, pulasitikiyo uilowetse mu inzake. M'mawa, ngakhale za dzulo zikhale zonyowa ndi zozizira, uvale zomwezo, zoumazo uzibwezere m'malo mwake. Usadzinyengerere kuti lero lokha. Ndipo chitenje utenge, ngakhale umati n'cha azimayi a kumsika. Chidzakhala thaulo, chidzakhala katani posintha zovala m'mbali mwa mtsinje, chidzakhala mthunzi, chidzamanga mkono wobinya, chidzaphimba miyendo ukalowa m'malo awo opemphereramo. Ndakuikira pampando chija cha masamba achikasu.

Pasipoti yanga ndinkaiopera akuba kwambiri moti ulendo wina ndinaibisa m'chitini cha mkaka waufa, chitinicho n'kuchikankhira kumapeto kwenikweni kwa bokosi la zakudya, kuseri kwa matumba a mbatata ndi mabotolo a gasi. Ndinagona bwino masiku onsewo. Titafika paboda ya Tanzania dzuwa lili phwee, alendo onse anadinditsa, n'kutsala ine. Tinatsitsa mbatata, tinatsitsa gasi, tinatsitsa mapoto ndi mipando, zonse pansi, madalaivala a malole akutiseka. Pasipoti inatuluka yoyera mbuu, ndipo mkulu wodinda anachita kuipuntha patebulo asanaitsegule. Pasipoti, khadi lachikasu la katemera ndi pepala la inshuwalansi zikhale pathupi pako, m'kathumba ka mkati mwa malaya, osati m'chikwama chimene akachiponye pansi pa ndege kapena padenga la basi. Uzijambule pafoni, ukhalenso ndi makope a pepala pamalo ena, chifukwa foni imagwera m'madzi ndipo batire limafa msanga kozizira. Makope ena undisiyire ine. Ukafika uwafunse abwana ako atsopano ngati inshuwalansiyo imamunyamula munthu amene wavulala kutali ndi msewu. Funsa tsiku loyamba, usachite manyazi, ndipo ayankhe momveka.

Pali malo ena ku Botswana amene sindinakuuzepo bwino, chifukwa ndikawafotokoza anthu amaganiza kuti ndikuwonjezera. Ndi chigwa cha mchere, choyera ndi chosalala kuchokera pamene waima mpaka kumene thambo limatsikira. Tinaima pamenepo kuti tidye chamasana. Nditatsuka mbale ndinaona kutsogolo nyanja yonyezimira, mitengo ya migwalangwa itaima m'madzi mitu ili pansi. Inkaoneka pafupi ngati kuchokera pakhomo pathu pano kufika patchalitchi. Ndinanyamuka osauza munthu, opanda madzi, opanda chipewa, nditavala patapata. Mchere unkasweka pansi pa mapazi ngati zikhokho. Ndinkayenda, nyanja nayo inkayenda. Sindinachite mantha, ndiye choopsa chake, ndinkangomva kukoma, ngati ndikuyenda pamtambo ndipo palibe wondiitana dzina. Nditacheuka, thiraki kunalibe. Mbali zonse zinali zofanana, ndipo mchere unali wong'aluka paliponse moti sindinazindikire pamene ndinaponda. Ndinakhala pansi, lilime litauma gwa. Chimene chinandipulumutsa ndi hutala. Ba Mubita ataona kuti wophika palibe, anayamba kuiliza mosalekeza, ndipo ndinatsata phokosolo mpaka ndinaona kadontho kakuda. Malo okongola amamukoka munthu, mwana wanga, ndipo iwe ndiwe wokokeka ngati ine. Ndinkakuona uli wamng'ono utaima pamsewu kuyang'ana utsi wa mathithi mpaka kuiwala zimene ndakutuma. Pita ukaone zonse, koma usachoke pagulu osauza munthu kumene ukupita ndi nthawi imene ubwerere. Botolo la madzi, wezulo ndi tochi ya pamutu zisachoke m'kachikwama ka masana, ngakhale ukuti ukungokajambula chithunzi pakhonde la phiri. Madzi a mumtsinje usamwe osawiritsa kapena kuthiramo mapiritsi aja, kaya aoneke oyera bwanji.

Tsopano ulendo wanga womaliza. Nthawiyo ndinali nditakwatiwa kale ndi atate ako, amene ankanyamula mabwato a mphira pamutu kukwera nawo kuchokera m'chigwa cha Batoka. Ulendowo unali waukulu kuposa onse. Thiraki inkapitirira Kenya mpaka ku Ethiopia, kumene ndinali ndisanafikeko, ndipo ba Mubita ankatiuza za matchalitchi osemedwa m'thanthwe limodzi, olowera pansi, amene munthu umawaona denga lili kumapazi ako. Ndinkawalota ndisanawaone. Titalowa mu Tanzania ndinayamba kumva nseru ndi chizungulire. Ndinaganiza kuti ndi malungo, ndipo ndinabisa, poopa kuti andisiya panjira n'kutenga wophika wina. Ndinkatafuna mandimu kuseri kwa thiraki n'kubwerera kumapoto ndikumwetulira.

Tinafika ku Moshi kuli mitambo, ndipo ndinafunsa kuti phiri lotchukalo lili kuti. Ba Mubita anati ndikuyang'ana pansi kwambiri. Ndinakweza maso, n'kukwezanso, ndipo pamwamba pa mitambo, pamene sipayenera kukhala dziko, panali mutu woyera ukuyandama wokha, wosagwira pansi. Kilimanjaro. Ndinaima pomwepo ndi mpeni wa anyezi m'manja. M'mawa mwake alendo ankapita kukayenda m'nkhalango ya m'munsi mwa phirilo, ndipo ine ndinakakamira kupita nawo, ngakhale miyendo inali ngati ya thonje. Wotsogolera anatifunsa kangapo ngati aliyense ali bwino. Ine ndinkati ndili bwino. Ndikukumbuka ndere zolendewera m'mitengo ngati ndevu, nkhungu ikudutsa pakati pathu, kenako mitengo yonse inapendekeka. Ndinatsitsimuka atandinyamula amuna awiri, akutsika nane pamatope oterera, mmodzi akupumira m'mwamba chifukwa anagwa nane n'kuvulala bondo. Ulendo wa anthu onse unathera pamenepo chifukwa cha mawu amodzi amene ndinakana kunena.

Kuchipatala namwino anandiyeza magazi, anandiyezanso zina, kenako anabwera akumwetulira n'kunena kuti malungo ndilibe, koma tilipo awiri. Unali iwe, Luyando. Ba Mubita anakhala pabenchi panja, chipewa chili pabondo. Nditawauza anati, "Nanga sunakambe bwanji? Thiraki ili na mabuleki." Dokotala anati misewu ya kumpoto ndi yoipa kwa munthu wofooka ngati mmene ndinalili. Ndinaima pamsewu kuyang'ana thiraki ikupita, mapoto anga akulira kumbuyo kwake, mpaka fumbi linakhazikika. Ndinabwerera pasitima. Ndinakhala pawindo dzanja lili pamimba, ndikukuuza zonse zimene zinkadutsa, milatho, mbidzi, ana okweza manja, moto wa tchire patali. Choncho ukamati aka n'koyamba kutuluka m'dziko, ine ndimaseka chamumtima. Unakwerapo kale phiri, unatsikanso atakunyamula.

Sindikunamiza, masiku ena ndinkalira, makamaka thiraki ikadutsa m'tauni ine ndili ndi beseni la matewera. Mpaka pano ndimalota nthawi zina ndili pampando wanga wakutsogolo, msewu ukupita kumpoto, ndipo nthawi zonse ndimadzuka titatsala pang'ono kufika. Koma sindikukutuma kuti ukamalize ulendo wanga. Umenewo ndi wanga, ndipo unathera pabwino. Iwe pita ku wako. Chimene ndikupempha n'chakuti uzinena. Mutu ukayamba kuwawa pamwamba pa phiri, ukayamba kusanza kapena kuyenda ngati woledzera, uuze anzako nthawi yomweyo ndipo utsike tsiku lomwelo, ngakhale nsonga ioneke ngati ungaigwire ndi dzanja. Ukafika pamadzi aukali n'kuona kuti mtima wako wakana, nyamula kayaki paphewa udutse pamtunda. Ndikudziwa chimene chidzakuvuta. Udzakhala mtsikana yekha wakuda pakati pawo, wochokera ku Zambezi, ndipo udzafuna kuti asakuone ngati wamantha. Mtsinje wa kumeneko sukudziwa kuti ndiwe katswiri kwanu. Madzi ake ndi a chipale, amalanda mphamvu m'manja munthu asanaganize. Ufunse eni dziko, uwamvere, udye zimene akudya, uphunzire kunena zikomo m'chinenero chawo usanatsike ndege. Mankhwala a m'mimba, a mutu ndi a zilonda uwaike pamodzi pamene dzanja lingafike mumdima, ndipo mnzako mmodzi adziwe pamene ali. Kumene kuli netiweki unditumizire mawu, ngakhale awiri okha. Kumene kulibe, undiuziretu kuti ukhala chete mpaka liti, kuti ndisamangoyang'ana foni pophika n'kupsereza zakudya za anthu.

Ndikumva galimoto pageti. Mwabwera kuchokera ku Mukuni kumene atate ako anakutengera kukatsazika abale awo. Ndasuzumira pawindo, ndipo ndikuona akutsitsa thumba la mtedza, nkhuku yamoyo yomanga miyendo, ndi chinthu chachitali chokulunga m'manyuzipepala chimene chinatulukira pawindo la galimoto. Pepala lang'ambika kumutu. Ndi nyamalikiti ya mtengo, yaitali kufika paphewa pako, ndipo sindikukayika kuti asema atate ako aakulu, amene akhala akunena kuti mwana wa m'bale wawo sangapite kwa anthu chimanjamanja. Iwe waikumbatira m'khosi ngati munthu, ukuseka, koma ndikuona maso ako akuyeza kutalika kwake. Atate ako akuti, "Izakwana chabe, tizaimanga pambali." Usawayankhe, ndilankhula nawo ine.

Nkhuku tidya madzulo ano. Mtedza ndikazinga, utengeko wodzaza manja awiri, udyere m'njira usanafike paboda ya eni ake. Nyamalikiti isiye. Ndiimika pakona ya pabalaza, nkhope kuyang'ana kugeti, ndipo ndiziipukuta fumbi Loweruka lililonse. Abale akafunsa ndidzawauza kuti mwini wake anaisungitsa, akubwera kudzaitenga.

Mulungu akuyendetse pamadzi ndi pamtunda, akubwezere pakhomo pano ndi miyendo yako.

Ndine amayi ako.